Phala Lotsala Mwezi Ukakhala mu Mdima

Ndinasiya sukulu ndili sitandade 5, ndipo mpaka lero ndikamalankhula ndi anthu ophunzira maso anga amathawira pansi. Ndimaphika phala la ana pa sukulu ya m'mudzi mwathu, kufupi ndi Lungwena, mwana ali kumsana.

Chaka china mlamu wanga, mlongo wa amuna anga, anabwera kuchokera ku koleji ya zauphunzitsi nkhope ili yakugwa. Ankafunika kupeza mutu wa kafukufuku wokhudza maphunziro a ana ndi zochita za achinyamata. Anali atapereka mitu itatu, wa mafoni, wa mpira ndi wa nyumba zoonetsera mafilimu. Aphunzitsi ake anaikana yonse, akuti anzake analemba kale zomwezo. Panatsala sabata imodzi, ndipo akanalephera akanabwereza chaka.

Mmawa wina anandiperekeza kophika, poti kunyumba kunamutopetsa. Anandiona ndikubweza ufa wina m'thumba.

“Alamu, umenewo mukukaphikira achimwene?” anandiseka.

“Ayi, mwezi uli mu mdima,” ndinayankha chapansipansi.

“Ndiye mwezi umamwa phala?”

Manyazi anandigwira, koma ndinamufotokozera. Mwezi ukakhala mu mdima asodzi amapha usipa wambiri ndi nyali zawo. Kukacha ana okulirapo amakhala ali kudoko, anyamata akutsitsa nsomba, atsikana akuyanika pa thandala, ndiye phala limatsala. Mwezi ukawala usipa sufika ku nyali, ana amadzaza m'kalasi, ndipo ndimachita kukokota mphika.

Mlamu anasiya kuseka. Anandigwira dzanja n'kundikokera ku ofesi ya ahedi, bambo amene anachita kutumizidwa kuno kuchokera kumtunda. Ndinaima pakhomo mlamu akuwafotokozera zimene ndinamuuza.

“Mayi, zimenezo ndi zikhulupiriro chabe,” anatero ahedi. “Ana a kuno ndi aulesi basi.”

Sindikudziwa kumene mawu anga anachokera. “Bambo, tsegulani mabuku oitanira mayina. Ine ndikatenge kalendala ya kumzikiti.”

Ndinathamanga kukaichotsa pakhoma kunyumba, chifukwa imaonetsa masiku a mwezi. Anaika ziwirizi patebulo. Ine ndinkaloza masiku a mdima, mlamu n'kumatsegula tsamba lake. Paliponse pamene chala changa chinagwa, mizere ya ojomba inali mbwee. Ahedi anavula magalasi, anawapukuta, n'kupempha kuti tibwereze teremu yapitayo. Zinali chimodzimodzi.

Patapita masiku anayi mlamu anaimba pa foni ya amuna anga akukuwa: “Mupatseni mlamu wanga! Mutu wa mwezi uja auvomera! Akufunsa kuti ndinautenga kuti!”

“Mwawauza chiyani?”

“Ndawauza kuti mumphika.”

Ndinalulutira mpaka mwana anadzidzimuka kumsana.

Sabata yotsatira ahedi anabwera okha kumafuwa, utsi ukuwalowa m'maso.

“Mayi, ndikufuna kuika tsiku la mayeso. Mwezi uli pati?”

Ndinawayang'ana kumaso n'kuwauza kuti adikire masiku khumi.