Khutu la Mwansa

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, chimayamba kundipeza ndi fungo la guluu wotenthedwa m'kachitini pa mbaula, losakanikirana ndi utsi wa malasha, kuseri kwa nyumba yathu ku Matero. Anali mmisiri wa mipando, koma mtima wawo unali pa magitala a nsambo za nayiloni, aja olira mofatsa, ndipo akaweramira ntchitoyo sankamva ngakhale phokoso la angwangwazi oitanira anthu m'maminibasi kumsewu.

Chaka china anapeza thabwa loyera, lopepuka, lochokera m'piyano yakutha imene inatayidwa kutchalitchi. Linali lokwanira nkhope, mbali yakutsogolo, ya gitala mmodzi basi. Ankalipala pang'onopang'ono, n'kulinyamula ndi zala ziwiri, n'kuligogoda pafupi ndi khutu. Ankati likatsala lokhuthala gitala amalira ngati munthu wotsekedwa pakamwa, likapyapyala kwambiri nsambo zimalikoka mpaka kung'aluka, ndipo chimene wapala sungachibwezere.

Ine, mdzukulu wawo weniweni, ndinkasesa utuchi ndi kuwagwirira matabwa pocheka. Koma ikafika nthawi yomvetsera ankaitana Mwansa, mwana wa mayi wogulitsa tomato wa nyumba yoyandikana nafe. Mtsikanayo ankatsinzina, agogo n'kugogoda, iye n'kunena ngati thabwalo layamba kuyankha. Nayenso ankawatchula agogo.

Tsiku lina ndinakakamira kuti nanenso ndimvetsere. Anagogoda pakati, kenaka m'mphepete. Ine ndinangomva thabwa likugogodedwa, koma pofuna kumuposa mnzangayo ndinanena molimba mtima kuti apalenso paliponse.

“Iyayi agogo, pakati pakwana,” anatero Mwansa. “Palani chabe mumbali.”

Agogo anagogodanso, n'kugwedeza mutu, n'kutenga chopalira kukayamba m'mbali muja. Ataona nkhope yanga anaika chidacho pansi.

“Iwe unapatsidwa manja, mnzako anapatsidwa khutu. Palibe amene anakubera.”

Ndinathawira kumpopi, ndipo masiku angapo sindinamulankhule Mwansa, ngakhale ankanditsatira ndi chimanga chowotcha kuti tigawane.

Gitalayo atatha, azimayi anasiya zochapa n'kubwera kudzamvera. Gitalayo ankalira ngati m'kati mwake muli chipinda chachikulu. Agogo atayamba kudwala anagawa zinthu zawo: zida zonse anandipatsa ine, gitala anapatsa Mwansa. Amayi anandiuza kuti gawo lalikulu ndi langa, popeza zidazo n'zimene zidzandidyetse. Sananame. Lero ndimapanga zitseko ndi makabati kukomboni ya Garden, ana anga aphunzira ndi ntchito yomweyi.

Mwansa amakhala ku Mtendere, ndipo timachezerana ngati pachibale. Pa ukwati wa mwana wanga wamkazi anabwera ndi gitala uja, nkhope ya gitalayo itafiira ndi zaka koma yopanda mng'alu. Anthu anamuombera m'manja, nanenso ndinaomba. Koma ndi imvi zangazi, m'kati ndinkafunabe kuti tsiku limodzi lokha agogo akananyamula thabwa n'kutchula dzina langa.