Mapazi Achikasu pa Geti la Chipatala

Pachipatala chachikulu cha mumzindawo panalibe amene ankawaitana ndi dzina lawo lenileni. Onse ankangoti a Bulashi, chifukwa chiyambire unyamata wawo ntchito inali imodzi yomweyo, kupenta. Manambala a pazitseko za mawodi, mivi yolozera kolandirira mankhwala, mizere ya poimika magalimoto, zonsezo linali dzanja lawo. Anali bambo wamfupi, wong'ung'udza, wa ovololo youma gwa ndi penti moti akaivula inkatsala pang'ono kuima yokha. Ankakonda kunena kuti anthu samvera munthu mnzawo, amamvera penti. Dokotala wamkulu amatha kumunyoza mlonda, koma akaona mzere pansi amaimika galimoto mwaulemu ngati mwana wasukulu.

Mkwiyo wawo unayambira kumsonkhano wa mabwana. Magalimoto anali atadzaza bwalo lonse, ambulansi ikusowa podutsa, ndiye akuluakulu anagwirizana zolimbikitsa anthu kuti azibwera pa basi. Maganizo abwino ndithu, ndipo a Bulashi anawayamikira. Atawapatsa chikwangwani, analemba ndi mtima wonse kuti BWERANI PA BASI, AMBULANSI IPEZE NJIRA. Anajambulapo ndi kabasi komwetulira popanda wowatuma.

Penti wa chikwangwanicho asanaume n'komwe, bwana woyang'anira malo anawaitana. Anati pageti pamene basi inkaima pafufutidwe, pajambulidwe mizere yoyera ya magalimoto a akuluakulu. Basi izikaima kumunsi kwa chitunda, pafupi ndi pomwetsera mafuta. A Bulashi anafunsa ngati bwanayo anakwerapo chitundacho wapansi. Bwana anaseka, nati kuyenda pang'ono ndi mankhwala. Zoona, munthu wobwera pa galimoto yoziziritsa mkati n'kumawauza odwala za ubwino woyenda! A Bulashi anatenga penti wakuda, nafufuta ndi manja awo omwe mawu oti BASI amene analemba okha kalekale. Anachita manyazi, mtima ukuwira, koma anapenta.

Chowawa n'chakuti mayi akunyumba kwawo ankadwala impso. Masiku ena pa sabata ankayenera kukakhala pa makina otsuka magazi, ndipo ukachedwa makinawo ankapatsidwa kwa wina. Miyendo yawo inali yotupa ngati mitsamiro. Kale basi inkawatsitsa pakhomo penipeni. Tsopano ankakwera chitunda akupumira pa mtengo wamagetsi uliwonse, magalimoto a anthu athanzi akuwapitirira n'kumawapopera utsi kumaso. Anaphonya makina kamodzi, anaphonyanso. Nesi wina anawakalipira kuti sausamala moyo wawo.

A Bulashi anayenda ofesi ndi ofesi, chipewa chili m'manja. Kulikonse ankawauza kuti nkhaniyo ili m'manja mwa komiti, ndipo komitiyo, monga mudziwa, ilibe miyendo yotupa. Anakachonderera dalaivala wa basi, mnzawo wakale. Dalaivalayo anati mtima ulipo, koma akaima pamalo opanda chizindikiro apolisi amulanda laisensi. Pakanakhala mzere wachikasu, iye akanaima popanda kufunsa munthu.

Madzulo ena mayi anakankhira mbale kutali osadya.

"Bambo, mawa sindipita," anatero mofatsa. "Chitunda chija chandikwana. Bola ndifere pabedi panga kusiyana n'kugwa pamsewu anthu akundijambula pa foni."

A Bulashi anachita mantha kuposa tsiku limene adokotala anatchula matendawo. Sanatsutse, sanalalikire. Anangowapempha kuti ayesere kamodzi kokha, ndipo basi ikaima kumunsi kuja asatsike, akhale phee pampando.

M'mawa mwake anatulutsa chitini cha penti wachikasu ndi zotchingira msewu zofiira, dzuwa likuwala, aliyense akuona. Sanabisale. Munthu wovala ovololo akagwada pamsewu palibe amamufunsa kuti wamutuma ndani. Mlonda anawathandiza kuyala zotchingirazo. Bwana wina anafika, naliza hutala, naona penti wamuwisi, nakhota mwaulemu kukafuna malo kwina. A Bulashi anakwirira mizere yoyera yonse, nalemba BASI ndi zilembo zazikulu kuposa zakale, mzere osakhota.

Basi inatulukira pachitunda ikubuula. Dalaivala anasuzumira pawindo, naona chikasucho, naimika pageti ngati sipanachitike kanthu. Anayamba kutsika: mayi wobereka mwana wotentha thupi, mkulu wa ndodo, mtsikana wapakati atagwira m'chiuno. Ena ankayang'ana uku ndi uku, osakhulupirira kuti afika kale.

Nthawi yomweyo n'kuti bwana woyang'anira malo atawaimirira a Bulashi kumbuyo. Sanakweze mawu, anthu otere sakweza. Anati akatsuke mabulashi, akabweze makiyi a kusitolo, ndipo ntchito yawo yathera pomwepo. Koma a Bulashi sankamva. Mayi akunyumba kwawo anali akutsika pomalizira, atagwiritsa chitseko ndi manja awiri, ndipo anaponda pa penti wosaumayo.

Anayenda pang'onopang'ono kulowera kukhomo la chipatala, akusiya mapazi achikasu pasimenti. Phazi lamanja linkadinda bwinobwino. Lamanzere silinkadinda, linkangokhwekhwereza, n'kusiya mkwasa wautali. A Bulashi anauyang'ana mkwasawo. Ankagona nyumba imodzi ndi mkaziyu, koma sankadziwa kuti mwendo umenewo unasiya kunyamuka, ndipo ndi mwendo umenewo ankakwera chitunda chimene iwo anawapentera.

"Ndipo musanachoke, mufufute zonyansazi," anatero bwana, akuloza mapaziwo.

"Zimenezo mufufute nokha, bwana," anayankha a Bulashi. "Koma muyambe mwaziyang'ana."

Anamuika bwanayo bulashi yonyowa m'manja, natsata mapaziwo mpaka anawapeza mayi pakhomo, nawagwira mkono. Mayi anayang'ana pansi, kenako anayang'ana ovololo ya amuna awo.

"Mwandidetsera nsapato," anatero akupuma movutikira. "Tiyeni, makina angapite kwa wina."