Dzinja Limene Atate Anabweza Khadi la Mgonero

Ndikamva fungo la bulangete lonyowa, mtima umabwerera ku komboni ya Kanyama kumene ndinakulira, m'dzinja limene ndinali mtsikana wa zaka khumi. Pansi pa Kanyama pali thanthwe, motero madzi a mvula salowa m'nthaka. Ankangoima m'njira mpaka kubiriwira, achule akulira ngakhale masana. Tinkapita kusukulu nsapato zili m'manja. Zinali zaka za chipani chimodzi, pamene amayi ankalawirira kukaima pa mzere wa sopo ndi mafuta ophikira, khadi la chipani atalimanga pa nsonga ya chitenje.

Nyumba yathu inali ya njerwa zosawotcha, zipinda ziwiri, malata opsinjidwa ndi miyala. Atate anali mmisiri womanga nyumba, komanso mkulu wa mpingo. Kuseri kwa nyumba anaunjika mabuloko a simenti amene ankasonkhanitsa pang'onopang'ono kuti adzatimangire chipinda chachitatu. Kumtunda kwathu kunkakhala ba Chileshe, Mbemba woyendetsa lole, munthu wa mawu aakulu.

Mvula itakula, madzi anazungulira nyumba ya ba Chileshe. Iwo anatenga piki n'kukumba ngalande, ndipo ngalandeyo inaloza pakhomo pathu. Lamulungu lina tikuchokera kutchalitchi tinapeza madzi ali m'nyumba. Ufa unanyowa, mabulangete ananyowa, ndipo Baibulo limene agogo anabwera nalo kuchokera ku Malawi linali litatupa, masamba atamatana. Atate sanakweze mawu. Analiyanika padenga, akulekanitsa masamba ndi nsonga ya mpeni. Amayi ankafuna kuti mlandu upite kwa tcheyamani wa chipani, koma atate anakana. Komabe kuyambira tsiku limenelo moni unatha pakati pa nyumba ziwirizi.

Mu mpingo wathu, Mgonero wa Ambuye ukayandikira, akulu ankagawira akhristu timakhadi, ndipo wopanda khadi sankakhala pa gome. Wogawa makhadi a m'dera lathu anali atate. Ulendo umenewo anagawa onse, koma lawo anakalibweza kwa abusa. Ndinawamva akuuza amayi kuti, "Ndikagwada kupemphera ndikuona nkhope ya munthu uja, osati ya Ambuye wanga. Sindingadye mkate ndili chonchi." Pa mapemphero a m'banja, tikafika pa mawu opempha kuti atikhululukire monga ifenso tikhululukira anzathu, atate ankakhala chete, ife n'kumapitiriza tokha. Munthu amene ankayenda ndi Mulungu ngati bwenzi lake anali ngati wotsekeredwa kunja kwa nyumba yake yomwe.

Ine ndinaona kuti wolakwa ndi ngalande. Masana ena akuluakulu kulibe, ndinatuta miyala ndi zidutswa za njerwa, n'kuitseka kuseri kwa mpanda wa mabango, ndikumata ndi matope monga ndinkaonera atate akumata. Ndinabwerera kunyumba ndikudziyesa Davide atagwetsa chimphona. Mvula inagwa masiku awiri osakata. Madzi anabwerera kumtunda, ndipo m'mawa wa tsiku lachitatu khoma la chipinda chogona cha ba Chileshe linagwa. Palibe anavulala, koma bedi lawo linakwiririka, ndipo akazi awo anakhala pa ndowa panja akulira. Anthu onse ankati ndi mvula. Wodziwa zoona ndinali ine ndekha.

Loweruka, Mgonero uli mawa lake, atate anadzuka nkhope ili yowala. Anali atalimbana ndi Mulungu m'pemphero ngati Yakobo pa mtsinje, ndipo anagonja. Anatenga chingwe, levulo ndi wilibala, nati kwa amayi, "Ndikupita kukam'khululukira, ndim'mangirenso khoma." Ndinawatsatira mpaka pampanda, ndipo pamenepo mawu anangotuluka okha. "Atate, ndine ndinatseka ngalande."

Ndinkadikira mbama. M'malo mwake anatula wilibala, navula chipewa. "Ndiye kuti ulendo wasintha, mwanangu. Timapita kukapereka, tsopano tikupita kukapempha. Tiye." Anandigwira dzanja.

Ba Chileshe anali akufukula bedi ndi fosholo, anthu oyandikana nafe ataima chapatali. Atate, mkulu wa mpingo amene akhristu ankaimirira akamalowa, anagwada m'matope pamaso pa onse. Inenso ndinagwada. Sanandilankhulire. Anandisiya kuti ndinene ndekha zimene ndinachita, ndipo nditamaliza anawonjeza kuti mwana anangomanga ndi miyala chimene iwo anali atamanga kale mumtima.

Ba Chileshe anaponya fosholo pansi. "Iyai, ba Phiri, nyamukani! Muzanichititsa nsoni pa bantu. Nine ninayamba. Nenze kuziba bwino kuti manzi yazabwera kwanu." Anawadzutsa ndi manja awiri, misozi ili m'maso. Kenaka anandiyang'ana, napukusa mutu. "Koma imwe bakudya mbeba, na bana banu ni ba injiniya!"

"Chikhala kuti anyani amadya anthu, mukanatha kalekale inu," anayankha atate. Abemba ndi ife a kum'mawa timanyozana chonchi pachibale: iwo amatinena za kudya mbewa, ife timawanena za kudya anyani, ndipo anthu onse anaseka mpaka akazi a ba Chileshe amene analira pa ndowa paja.

Tsiku lonselo ndinatuta mabuloko a chipinda chathu chachitatu kupita nawo kumtunda. Njerwa zadothi sizikanauma m'dzinja. Atate ankamanga akuimba nyimbo za m'buku, ba Chileshe akusakaniza simenti ndi kulakwitsa mawu ake. Dzuwa lisanalowe anakumbira limodzi ngalande yatsopano, yolambalala nyumba zonse ziwiri mpaka kumsewu. Madzulo omwewo atate anakatenganso khadi lawo kwa abusa. Mawa lake ndinakhala pa benchi la ana, ndikuona atate akulandira chikho ndi manja osweka ndi simenti. Anatseka maso, ndipo nkhope yawo inali ya munthu amene wafika kwawo.

Nthawi imeneyo ndinkanyadira khoma. Ndinkauza anzanga kuti mu Kanyama monse mulibe khoma lowongoka ngati la atate anga. Lero ndine gogo, ndipo ndakhululukira anthu ambiri ndili chilili, mtima ukudzitamanda mobisa. Tsopano ndikudziwa kuti zimenezo n'zopepuka. Atate anatuluka m'nyumba ali olakwiridwa, koma pampanda paja analola kusenza mlandu wa mwana wawo ngati wawo, napita nawo pa maondo. Ambuye amene atate ankamufuna m'pemphero masabata onse aja anam'peza pomwepo, m'matope, pakuti Iyenso anasenza mlandu umene sunali wake.