Mthiko wa Agogo pa Injini

Linali Lachinayi, cha m'ma 10 koloko m'mawa, sadaka ya masiku makumi anayi ya malemu mwamuna wanga itachitika dzulo lake, pamene alamu anga a Yusufu anaika makiyi awiri pamphasa. Mwamuna wanga anasiya magalimoto awiri: yaing'ono yatsopano yaliwiro, ndi pikapu yakale imene ankanyamulira usipa. "Alamu, sankhani imodzi yolerera ana," anatero. "Inayo ipita kwa amayi." Anthu onse maso anali pa yatsopano ija. Ine ndinakumbukira agogo anga aamuna, Che Saidi, ndi fungo la dizilo limene silinkachoka m'malaya mwawo.

Agogo ankayendetsa matola pakati pa Mangochi ndi Namwera. Galimoto yawo akuti inali yoyera, koma ine ndinaidziwa itafiira kale ndi dzimbiri. M'mawa akabwera ku mzikiti ankatsegula boneti, kuyeza oyilo, kenako n'kuiliza, utsi wakuda n'kudzaza bwalo lonse, nkhuku kubalalika, agogo aakazi n'kumadandaula kuti zovala zapachingwe zada. Ikamalira choncho ankatenga mthiko wothyoka, mbali ina kugunditsa pa injini, ina pakhutu, n'kutsinzina.

Tsiku lina anandiitana. "Asiyatu, tabwera umve." Ndinamva kugunda kwa m'kati, ngati amayi awiri akusinja mumtondo umodzi osaphonyana. "Ikamayankhula chonchi ili bwino," anatero. "Ikayamba chibwibwi, usakwezemo munthu."

Chaka china a Jafali, mwana wa mlongo wawo, anabwera kuchokera ku Joni ndi galimoto ya injini yaing'ono koma yaukali. Ndili ndi agogo paulendo wa ku Namwera, anatipitirira pachikweza cha Chowe akuliza hutala. "Amalume, kagulitseni chigayo chanucho!" anafuula. Agogo anaseka mpaka kutsokomola. "Tisaname, mphamvu ndi zimenezo," anandiuza. "Ndipo mafuta imamwa ochepa kuposa yangayi."

Pobwerera tinaipeza galimoto ya a Jafali ija pambali pa msewu, ikulira koma yosatha kuyenda, kanyali kakuyaka kutsogolo kwa chiwongolero. Agogo anaika mthiko wawo, anamvetsera nthawi yaitali, n'kupukusa mutu. "Sikundiuza kanthu. Iyi imayankhula ndi kompyuta yokha, kompyutayo ili ku Blantyre." Anaikoka ndi chingwe mpaka kutauni. Inakhala miyezi itatu pansi pa mtengo wa mango kudikira kachitsulo kochepa ngati bokosi la machesi, koma mtengo wake wogulira ng'ombe. Agogo sanawaseke a Jafali ngakhale tsiku limodzi. Kwa ine anangoti, "Galimoto usamaifunse liwiro lokha. Uziifunsanso kuti ikadwala adzaichiza ndani."

Lachinayi lija ndinadzuka pamphasa, ndinalowa kukhitchini, n'kutuluka ndi mthiko. "Alamu, mukufuna kuiphikira phala?" anafunsa a Yusufu, ndipo anthu anaseka, koyamba chichitikireni maliro. Ndinawapempha kuti alize zonse ziwiri. Yatsopano ija inkalira mosalala, koma sindinamve chimene inkanena. Pa pikapu ndinamva kusinja kuja, kosaphonyana.

"Ndatenga iyi."

"Alamu, yatsopanoyi mtengo wake ndi wa mapikapu awiri. Musadzati tinakuberani."

"Ndikudziwa," ndinayankha. "Koma iyi ikaima panjira, amakaniko a pamsika aitsegula tsiku lomwelo. Ana anga sangadikire miyezi itatu."

Mwina ndinataya chuma, sindikana. Pikapuyo imafuka utsi, imamwa dizilo, ndipo pa Chowe aliyense amaipitirira, ngakhale a njinga zamoto. Kuyendetsa sindidziwa, ndinalemba dalaivala. Koma m'mawa uliwonse, matumba a usipa asanakwezedwe, ndimatsegula boneti ndekha, ndimayeza oyilo, ndipo ndimaika mthiko pakhutu.