Nkhuku ya Ankhoswe

Dzulo ndinakasiya mabulangete a malemu mkazi wanga kunyumba yosungirako amayi othawa nkhanza. Mayi wina anali atapakidwa mankhwala a jivi pabala la pamlomo, ndipo ndinakumbukira tsiku lina ku Ndirande ndili mwana.

Mvula inkasokosa pamalata. Amayi anali atamanga kale katundu m'chitenje, mlomo utang'ambika ndi chibakera cha abambo. Amalume, omwe anali ankhoswe, atafika kudzamva nkhaniyo, anauza amayi aphe kaye nkhuku.

"Achimwene, ndichotseni pano, adzandipha," anatero amayi atagwada.

Amalume anatafuna fupa, mafuta akuyenderera m'ndevu. "Banja n'kupirira, mlongo. Masula katunduyo. Msuzi ulipobe?"

Zala za amayi zinali zotupa, choncho anamasula mfundoyo ndi mano. Jivi wa pamlomo pawo anatsalira pachitenjepo.

Mpaka lero nkhuku sindidya, koma onsewo ndinawakhululukira.