Mabokosi Atatu a Machesi

Lolemba lapitali ndinapeza mabokosi atatu a machesi pamwamba pa kabati, kuseri kwa wailesi. Munalibe machesi. Munali njere zakuda, ndipo panalibe bokosi lolembedwa dzina.

Amene anazisunga ndi mkazi wanga, Esinati. Anatisiya mu Novembala.

Pakhomo pathu ku Zingwangwa ankadzala maluwa a kaneshoni m'mbali mwa khonde, ofiira ndi oyera. Ine ndinkangowadutsa popita kukaphunzitsa. Maliro atatha ndinaona timitu touma pamwamba pa mapesi ake, ndipo ndinati ndi zinyalala. Ndinazula zonse n'kutentha, kuti odzapepesa azipeza pabwalo poyera. Sindinadziwe kuti ndikutentha nkhokwe.

Chotsala chinali mabokosi aja. Ndipo Loweruka akuchikazi ankabwera kuchokera ku Thyolo kudzandisudzula ndi kutenga katundu wa mwana wawo. Mwambo wake mukuudziwa: chilichonse cha malemu chimayalidwa pamphasa.

Ndinathira njerezo papepala loyera. Zonse zakuda, zonse zazing'ono. Ku koleji tinajambula duwa n'kulemba ziwalo zake zonse m'Chingerezi, ndipo ndinakhoza. Koma apa ndinangoti anyezi, anyezi, anyezi.

Ndinapita nazo kwa Che Amini, bambo wachikulire wa nyumba yachitatu kuchokera kwathu, amene anasamala maluwa a azungu ku Sunnyside zaka zambiri. Ndinawapeza akunola chikwakwa.

"Aphunzitsi, lero mwabwera kudzalemba mayeso?"

"Ndalephera kale, Che Amini. Zonsezi ndikungoziona ngati anyezi."

Ananyowetsa chala n'kuyamba kutola.

"Izi zonyezimira, zobulungira ngati diso la nyerere, ndi bonongwe. Ndiwo izi. Izi zamakona, zokwinyika ngati nkhope yangayi, ndi anyezi. Mwakhozako chimodzi."

Bokosi lachitatu anakhala nalo nthawi.

"Gwirani. Mwaona kuphwatalala kwake? Ngati kachishango, pakati pali kamchombo. Kaneshoni uyu. Koma muli zina zocheperako. Duwa la switi wiliyamu, mng'ono wake. Mayi aja anasakaniza."

"Mumadziwa bwanji kuti ndi pachibale?"

Anapita kuseri kwa nyumba n'kubwera ndi kamutu kouma, konga timene ndinatentha tija. Kanali ngati kamtsuko kotalika, kotseguka pamwamba.

"Werengani mano."

Anali anayi.

"Banja lonseli limayasama pamwamba chonchi. Achibale ena mano asanu ndi limodzi, ena khumi, koma awiriwa anayi basi. Mukagwedeza n'kumva kulira, ndiye kuti zakhwima."

Anakagwedeza pafupi ndi khutu langa. Kanalira pansipansi, ngati mvula ikamayamba kutali, pamalata a ku Soche, isanafike kwathu.

Ndinabwerera pang'onopang'ono. Njira yonse ndinkamuona Esinati ataima pakhonde, mutu atapendeketsa, akugwedeza kanthu pakhutu. Ndinamuonapo akutero kangapo. Ndinkayesa akungosewera. Nanga anasakaniziranji njere zija? Ankafulumira, thupi litayamba kale kumulemera? Kapena ankafuna kuti zidzamere pamodzi, chachikulu ndi chaching'ono? Sindidzadziwa.

Owerenga, timakhala ndi munthu m'nyumba imodzi zaka. Timadziwa nambala ya nsapato zake, shuga amene amathira mu tiyi, pamene amasunga khadi lake la chipani. Koma zimene manja ake amadziwa sitifunsa. Tsiku logawa katundu timayala mapoto, zitenje ndi makina osokera. Ndani amafunsa kuti malemu ankadziwa chiyani, ndipo wasiyira yani? Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine phula sindinadye. Ndinatentha maluwa.

Ndivomere. Lachisanu ndinaganiza zobisa bokosi lachitatulo m'thumba la jekete. Akanadziwa ndani? Koma linali lake. Loweruka ndinaliika pamphasa, pambali pa zitenje.

Amalume ake a Esinati analiyang'ana.

"Akamwini, mpaka machesi omwe?"

Anthu anasekako pang'ono, koyamba tsiku limenelo.

Alamu anga, mkulu wake wa Esinati, anatsegula bokosilo.

"Anyezi?"

"Kaneshoni, alamu. Ndi mng'ono wake."

Ndinawaonetsa kuphwatalala kuja ndi kamchombo. Mawu anga anatuluka bwinobwino mpaka kumapeto.

Alamu anayang'anitsitsa njerezo. Kenako anatseka bokosi n'kulikankhira kwa ine.

"Ife kumudzi kadzalidwe kake sitikadziwa. Dzalani inuyo. Zikakhwima mudzatibweretsere zathu."

Amalume anatsokomola.

"Munthu tikumumasula, inu mukumupatsanso ulendo?"

"Tikumasula ukwati, amalume. Njira sitikutseka."

Dzulo ndinafesa m'beseni lobooka, dothi pang'ono pamwamba, monga anandiuzira Che Amini. Akuti njere zikagona nthawi sizimera zonse. M'mawa uliwonse ndizithirira ndisanapite kusukulu.

Inu amene wanu akadalipo, pali kanthu kamene amachita ndi manja tsiku ndi tsiku, inu n'kumangodutsa. Mudzamufunsa liti?