Mkulu wa Zitsulo wa ku Aerodrome

Ku Aerodrome, m'tauni ya Bindura, kuli mkulu wina amene anapuma ntchito ya mumgodi koma zitsulo sanazisiye. Amazizula pansi n'kuziimika pamwamba pa mutu, monga ankachitira pa mipikisano tsitsi lisanachite imvi. Akatero amagona masiku atatu mawondo atatupa, mayi akunyumba akuwathowa ndi madzi otentha. Ukawazonda amangoti, "Thupi likupuma, silinafe."

Mwezi watha ananyamula kwambiri Loweruka. Lachisanu lotsatira mwana wawo Chenai anafika kuchokera ku Madziwa kudzawaonetsa khanda, mdzukulu wawo woyamba.

"Baba, tamulandirani mnzanuyu," anatero Chenai.

Mkuluyo anafuna kumukweza mwanayo m'mwamba, koma phewa linakana. Anayesanso atalumanitsa mano, mpaka Chenai anachita mantha n'kuwaikira khandalo pamiyendo.

"Muchira, Baba. Masiku awiri okha."

Iwo anayang'anitsitsa kamwanako.

"Ayi, mwanangu," anatero motsitsa mawu. "Kale ndinkadzuka nditachira. Ululu uwu sukupitanso. Uyu adzayamba kuyenda ine ndisanamunyamule."